NKHUKU YA MLENDO NDI BUKU LA NGONGOLE

M'kabuku kano ndifuna kuti tiganizire pamodzi nkhani ya mlendo. Sindinena za mlendo wodzaona abale ake, kapena wodzagula mpunga ndi nsomba pa msika wa Golomoti. Ndinena za mlendo uja wochokera kutali, amene asiya kwawo ndi ntchito yake mwa kufuna kwake, nadza kudzalangiza timabungwe tathu tosunga ndi kubwereketsa ndalama. Munthu wotere timamphera nkhuku, ndipo tichita bwino potero. Koma funso langa ndi ili: kodi nkhuku yokhayo ikwanira kuti tinene kuti tamlandira? Nanga iyeyo, atadya nkhuku yathu, ayenera kutibwezera chiyani?

Ine ndiyesa kuti mlendo wodzalangiza tiyenera kumlandira ndi nkhuku pamodzi ndi buku lathu la ngongole lotsekula, ndipo iye ayenera kutithokoza potiuza zoona. Tiyeni tione ngati maganizo amenewa ali olungama.

Bungwelo nalonso linadza ngati mlendo

Nzeru yothandizana sinachokere kunja. Makolo athu ankalimirana pa dima, namanga nyumba pamodzi, pakuti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Amayi a pamsika nawo adziwa chipereganyu. Koma nzeru yosonkhanitsa ndalama za anthu osauka, kuzilemba m'buku, ndi kubwerekana motsata malamulo, imeneyo inayenda ulendo wautali isanafike kuno.

Ku Germany kunali munthu dzina lake Friedrich Wilhelm Raiffeisen, amene anali woyang'anira midzi ya alimi. Pa njala ya m'zaka za 1846 ndi 1847 anaona alimi alikuvutika, naonanso obwereketsa ndalama alikuwalanda ng'ombe ndi minda. Poyamba anapempha anthu olemera kuti athandize osauka. Thandizo limenelo silinakhalitse, chifukwa olemera aja anatopa. Tsono m'chaka cha 1864, pa mudzi wa Heddesdorf, anayambitsa bungwe limene obwereka eni ake anali mamembala. Pamenepo zinthu zinayamba kuyenda.

Ku Canada, pa mzinda wa Lévis, Alphonse Desjardins anayambitsa bungwe lotere m'chaka cha 1900. Ndalama yoyamba kusungitsidwa m'menemo inali masenti 10 okha. Mu Africa muno nzeruyi inamera pa Jirapa, kumpoto kwa dziko limene lero litchedwa Ghana, m'chaka cha 1955. Anaibweretsa ndi Bambo John McNulty, wansembe wa chipani cha White Fathers, chipani chomwe chija chinatsekula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902. Kuno kwathu mabungwe otere anayamba kukula m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'chaka cha 1980 anapanga likulu lao lotchedwa MUSCCO. Bungwe lililonse pa lokha titcha SACCO. M'chaka cha 2011 boma linakhazikitsa lamulo lakuti mabungwewa aziyang'aniridwa ndi banki yaikulu ya dziko lino. M'midzi mulinso timagulu tating'ono ta banki m'khonde, timene nzeru yake inayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE.

Mwa zonsezi tigwirepo chinthu chimodzi. Ndalama za m'bungwe lotere si za boma, si za Azungu, si za wapampando. Ndi ndalama za mamembala, ndipo membala aliyense ali ndi voti imodzi, ngakhale asunge zambiri kapena zochepa. Maziko a bungwe ndiwo kukhulupirirana, ndipo mboni ya kukhulupirirana ndilo buku.

Chifukwa chake tifuna mabungwewa kuno ku Bwanje

Ife a m'chigwa cha Bwanje tidziwa kuti ndalama ya mlimi imadza ngati mvula ya chizimalupsa, kamodzi ndi kukhala. Mpunga ukakololedwa m'miyezi ya Meyi ndi Juni, aliyense ali ndi kanthu m'thumba. Pofika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe yatha, mwana afuna ndalama za sukulu, wina wagona ndi malungo. Pa nthawi imeneyo wa katapila amaoneka ngati mbale. Akupatsa K10,000, nati pakutha pa mwezi ubweze K15,000 kapena K20,000. Ena amalonjeza mpunga usanache kwa ogula pa mtengo wozizira.

M'chaka cha 2000 kunatsekulidwa sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, yotunga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, yomangidwa ndi thandizo la boma la Japan. Amene alima m'menemo adziwa kuti madzi akangosiyidwa kuyenda okha, a kumtunda amwa onse, a kumunsi nauma. Pafunika ngalande, zitseko, ndi kugawana masiku. Ndalama ili chimodzimodzi. Bungwe losunga ndi kubwereketsa ndilo ngalande ya ndalama: lisunga pa nthawi ya zambiri, nilitulutsa pa nthawi ya kusowa. Koma ngalande ikabooka mobisika, madzi atha anthu osadziwa. Ndipo kubooka kwa bungwe kumabisala m'buku.

Alendo odzipereka

Dziko lino lalandira alendo odzipereka kwa zaka zambiri. A Peace Corps a ku America anayamba kufika m'chaka cha 1963, ndipo achinyamata odzipereka a ku Japan m'chaka cha 1971. M'zaka za m'ma 2010 bungwe la Canadian Co-operative Association linkatumiza akuluakulu oyendetsa mabungwe a ndalama a ku Canada kudzakhala masabata owerengeka ndi ma SACCO a ku Malawi, Uganda ndi Ghana. Ntchito yao inali kuona mabuku, kumva mavuto, ndi kusiya malangizo.

Anthu otere sitiwalipira ndi ife. Asiya mabanja ao, nadza kudzapirira dzuwa la m'chigwa ndi udzudzu wa kunyanja. Ena adza chifukwa cha chifundo, ena afuna kuona dziko, ena afuna zonse ziwiri, ndipo palibe choipa pamenepo. Ali nacho chinthu chimodzi chimene ife tilibe: alibe mlamu m'komiti, alibe apongozi pakati pa obwereka, sadzapempha munda kwa mfumu. Maso ao sanazolowere zolakwa zathu. Ndi chifukwa chake akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku ake ndi owerengeka. Tikawataya masikuwo, kalumo kabwerera kwawo kasanamete munthu.

Ulemu wathu kwa mlendo

Pa kulandira alendo palibe wotiphunzitsa. Mlendo akafika timlandira katundu, timyalira mphasa kapena kumpatsa mpando, ndipo timlonjera atapumula. Timpatsa thobwa kuti aziziritse kukhosi. Mwana athamangitsa nkhuku, mayi ateleka mpunga wa Kilombero, ndipo nthutumba iikidwa m'mbale ya mlendo kuti adziwe kuti nkhukuyo yafera iye. Pochoka timpatsa kamba wa panjira ndi kumperekeza mpaka ku msewu. Banja lopanda sopo lichita zonsezi osawerengera. Mwambo umenewu ndi chuma cha mtundu wathu, ndipo asapezeke munthu wonena kuti tiusiye. Alendo ambiri akabwerera kwao aiwala mayina a mapiri athu, koma nkhuku ija saiiwala.

Komatu mwambo womwewu uli ndi mbali ina. Kunyumba kukafika mlendo, timasesa bwalo, tibisa mphika wosweka, ndipo mwamuna ndi mkazi amene anakangana usiku asekererana ngati palibe kanthu. Titero chifukwa cha ulemu ndi manyazi. Kwa mlendo wodzacheza, zimenezi nzabwino. Kwa mlendo wodzalangiza, nzoononga. Tiganize za munthu woitana sing'anga kuchokera kutali, namphera nkhuku, namyalira pogona pabwino, koma chilonda nachiphimba ndi nsalu yatsopano. Sing'anga apita atakhuta ndi kuyamika, chilonda chitsala chilikunyeka. Kodi munthuyo wamlemekeza sing'anga? Iai, wamtayitsa ulendo, nadzinyenga yekha.

Chimene chibisala m'buku

Tiyerekeze bungwe la mamembala 100, ndipo aliyense wasunga K50,000. Zonse pamodzi ndi K5,000,000. Bungwe labwereketsa K4,000,000. Mwa zimenezi, K1,500,000 zili ndi anthu atatu a m'komiti ndi abale ao, ndipo chaka chatha osabweza kanthu. M'buku ndalamazo zilembedwabe ngati chuma cha bungwe, ndipo pa msonkhano wa pachaka anthu aomba m'manja. Tsono m'mwezi wa Januwale mayi wamasiye afika ndi kabuku kake kudzatenga K20,000 zake kuti agule chimanga. Amuuza kuti abwere sabata yamawa. Sabata yamawa amuuzanso chimodzimodzi. Potsiriza apita kwa wa katapila, pamene ndalama zake zili m'thumba la wapampando.

Ndiponso ndalama yokhala nthawi yaitali kwa wobwereka imabwera itaonda. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Amene anasunga ngongole zaka ziwiri nadzabweza chiwerengero chomwecho, anabweza thumba lopepuka. Kusiyana kwake analipira ndi anzake osauka.

Tsono tiyerekeze kuti ku bungwe limeneli kwafika mlendo wodzalangiza, ndipo ali ndi masiku atatu. Tsiku loyamba latha ndi malonje, nyimbo, ndi zolankhula za akuluakulu. Lachiwiri apita naye kukaona mishoni ya Mua ndi nyanja. Lachitatu amuonetsa buku la zosunga, limene lili loyera bwino, koma buku la ngongole akuti makiyi ake apita ndi mlembi ku maliro. Madzulo adya nkhuku, najambulitsa pamodzi, natsazikana. Aliyense wakondwa, kupatula mayi wamasiye uja, amene sanaitanidwe nkomwe.

Pali funso linanso limene tiyenera kufunsa mopanda manyazi: nkhukuyo yagulidwa ndi ndalama za yani? Ngati wapampando wagwira ya m'khola mwake, ndi ulemu wake. Ngati mamembala anagwirizana pa msonkhano kuti atengepo m'thumba la bungwe, ndipo mlembi walemba, zili bwino. Koma ngati yatengedwa mwakachetechete pa ndalama za mamembala, ndiye kuti mlendo wadyetsedwa chimanga cha wamasiye iye osadziwa. Kupatsa ndi chinthu cha mwini wake sikutchedwa kupatsa.

Mayesero a mlendo

Mlendo nayenso ali ndi mayesero ake. Munthu ukadya kwa eni, lilime limalemera. Waona kuti buku silili bwino, koma akumbukira mayi amene anamthirira madzi osamba m'manja atagwada, ndi bambo amene anamsiyira kama nagona pansi. Mumtima anena, "Ndingawachititse bwanji manyazi anthu okoma mtima chotere?" Motero alemba mawu ofewa, natamanda ufulu wa Amalawi, napita. Iye ayesa kuti wachita ulemu. Koma taonani, wadya nkhuku ya bungwe nasiya bungwe lilikufa. Ngati nkhuku igula kukhala chete kwa mlangizi, yasanduka chiphuphu, ngakhale woipha ndi woidya onse analibe cholinga chimenecho.

Yesero lachiwiri ndi losiyana ndi loyamba. Mlendo wina afika ndi kalumo m'dzanja, nayamba kumeta asanaone mutu. Kwawo anthu alandira malipiro mwezi ndi mwezi, choncho alamula kuti aliyense azibweza ngongole mwezi ndi mwezi. Lamulo limeneli liyenera ife aphunzitsi ndi ena a pa ntchito, amene ngongole idulidwa ku malipiro. Mlimi wa mpunga wa ku Mtakataka angabweze chiyani mu Febuluwale, mpunga uli m'madzi? Msodzi angabweze chiyani pa nyengo ya mwera, kapena pamene boma latseka nyanja kuti nsomba ziswane? Mlendo wosafunsa adzatcha anthu okhulupirika kuti ndi akuba, ndipo malangizo ake adzakhala mu kabati kudikira chiswe. Safunsa anadya phula.

Ife a kuno tili ndi chitsanzo cha mlendo wofunsa. Bambo Claude Boucher a ku Canada anafika m'dziko muno m'chaka cha 1967. Anaphunzira chinenero, nakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi kumva miyambo yao, ndipo anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. M'chaka cha 1976 anayambitsa malo a Kungoni pa Mua, kumene kusungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mlangizi wa masabata awiri sangaphunzire zonsezo. Koma akhoza kutengapo mtima womwewo: tsiku loyamba likhale la makutu, pakamwa padze pambuyo. Pakuti pa chakudya chomwecho, akakhala pa mphasa ndi kufunsa, adzamva zimene buku silinena: mwezi wa njala, mtengo wa feteleza, maliro amene adya chuma cha banja. Pamenepo nkhuku yagwira ntchito yake yeniyeni, ndiyo kutsekula mitima kuti anthu alankhulane.

Wina adzatsutsa

Wina adzati, "Aphunzitsi, mulankhula ngati simukhala m'mudzi. Mlendo akaulula ngongole ya wapampando, mawa akwera basi. Ife titsala ndi wapampandoyo. Tidzakumana naye pa chitsime, pa maliro, ndi pa bwalo la mfumu. Kodi mtendere wa m'mudzi suposa ndalama?"

Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitingawataye. Chidani cha m'mudzi ndi chinthu cholemera. Koma tifunse: mtendere umenewo ndi wa yani? Wapampando ali pa mtendere, indedi. Nanga wamasiye wobwezedwa pa khomo la bungwe kawiri? Iye wangokhala chete chifukwa alibe mphamvu. Ndipo tsiku limene bungwe lidzagwa, pakuti lidzagwa ndithu, chidani chake chidzaposa chimene tinachiopa. Anthu adzatchulana mayina, ena adzafika ku polisi, ndipo kwa zaka zambiri munthu akadzatchula za kusunga pamodzi, anzake adzamseka.

Ndiponso kunena zoona sikufuna chipongwe. Makolo athu anali ndi njira zake. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mlangizi wanzeru ayamba kulankhula ndi a komiti pa okha, nawaonetsa chiwerengero, nawapatsa mpata woti akonze ndi kunena okha kwa mamembala. Pa gulu alankhula za lamulo, osati za munthu: kuti wa m'komiti asadzivomereze yekha ngongole, kuti ngongole yopitirira nthawi ilembedwe pa yokha ndi kuwerengedwa pa msonkhano, kuti wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba buku. Amayi a banki m'khonde adziwa kale nzeru imeneyi. Bokosi lao lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo ndalama ziwerengedwa pamaso pa onse. Satero chifukwa choyesa anzao akuba. Atero kuti munthu wabwino asalowe m'mayesero, ndi kuti wosalakwa asanamiziridwe.

Mlendo si nkhokwe

Chotsala ndi chimodzi. Enafe tikaona mlendo wochokera kunja, maso apita pa chikwama chake. Tipha nkhuku monga munthu aika nyambo pa mbedza, ndipo pa kutsazikana titulutsa kalata yopempha njinga yamoto, kompyuta, ndi ndalama zoonjezera thumba. Kupempha chinthu chofunika sikulakwa. Koma ulemu woyembekeza malipiro wasanduka malonda, ndipo mlendo amazindikira. Tikumbukirenso phunziro la Raiffeisen: thandizo la olemera linatha, bungwe la eni ake linakhala. Ndalama yochokera kunja anthu aibwereka mosaopa, nati, "Nza Azungu izi." Ndalama ya mnansi wako, amene udziwa m'mene anaipezera ndi khasu, uchita nayo mantha. Mantha amenewo ndiwo asunga bungwe.

Tichite chiyani tsono?

Mlendo wodzalangiza akadzafika, nkhuku iphedwe monga mwa mwambo, ndipo idziwike kumene yachokera. Zolankhula za malonje zichepe, kuti masiku ake asathere pa mipando. Mabuku onse aikidwe pa tebulo, loyamba likhale la ngongole. Aitanidwe mamembala wamba, amayi ndi abambo, kuti alankhule naye popanda a komiti. Timuuze za nyengo zathu, ndipo ngati langizo lake siliyenera kuno, timuuze mwaulemu, pakuti kungovomera ndi mutu ndi kusachita ndi bodza linanso. Akapita, malangizo ake awerengedwe pa msonkhano m'Chichewa, kuti onse amve ndi kusankha chochita.

Ndipo inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba mutakula, musayese kuti nkhaniyi ndi ya a komiti okha. Tsegulani kabuku kanu ka bungwe. Onani ngati zimene munapereka zalembedwa. Pa msonkhano imirirani ndi kufunsa kuti, "Tabwereketsa zingati, ndipo zimene zapitirira nthawi ndi zingati?" Funso limeneli si mwano, pakuti ndalamazo ndi zanu. Mlendo adza kamodzi pa zaka zingapo, mwina osadza konse, koma inu mulipo mwezi ndi mwezi. Mudzi umene anthu ake adziwa kuwerenga buku lao udzalandira mlendo popanda chobisa, ndipo iye adzadya nkhuku yake ndi mtima woyera.